Lumo lakale lachita dzimbiri? Yambani mwaona chogwirira

Anthu akamabweretsa malumo akale opinda ometera aja, a kampani ya Wade & Butcher ya ku Sheffield ku England kapena ochokera ku Solingen ku Germany, funso lawo ndi limodzi, kodi dzimbirili lichoka? Nthawi zambiri limachoka ndithu, koma ine ndisanagwire sandipepa ndimayamba ndanunkhiza chogwirira kaye.

Malumo ambiri akale zogwirira zake ndi za celluloid, pulasitiki yakalekale ija imaoneka ngati mnyanga wa njovu kapena chigoba cha kamba. Ikakalamba imayamba kuwola nkumatulutsa mpweya wa asidi wa kafungo kowawasa, ndiye poti lumo limakhala chipindire mkatimo chitsulo chimangodyeka pang'onopang'ono. Mudzaona dzimbiri lagwira mbali yokhayo yolowa m'chogwirira pomwe kumsana kuli bwinobwino, pena dzimbirilo mpaka kutsata mawanga a pulasitikiyo. Zikatero musachedwe, dulani timisomali tamkuwa tomangira chogwirira tija nkuchotsa chogwiriracho, chikakhala bokosi limodzi ndi malumo ena chiwaononga onse, ndipo palibe mafuta angachichiritse. Cha nyanga ya ng'ombe nkhani yake ndi ina, chikauma chimangofuna kumwetsedwa neatsfoot oil, mafuta ochokera ku mafupa a miyendo ya ng'ombe, bola tizilombo tisanachibowole kwambiri.

Pa chitsulo ndi sandipepa ndi manja basi, kuyambira yokhakhala ya nambala 400 kenako 800 mpaka yosalala ya 2000, mukudonthezera mafuta a makina osokera, lumo litagona phwatalala pa thabwa kuti zala zisapite. Chonde abale girayinda ayi! Kokuthwa kuja nkopyapyala kwambiri, masekondi ochepa kwatentha, ndipo kukangosanduka buluu chitsulo chafewa, munganole bwanji sichigwiranso. Zimandiwawa zedi kuona lumo loti ladutsa zaka 100 likuthera pa girayinda.

Timaenje ta dzimbiri takumsana ine ndimatisiya, sitivuta pometa, mukalimbana nato mumangofufuta dzina la kampani lomwe ndi limene limatiuza kuti lumolo linasulidwa kuti. Koma tikakhala kokuthwa kwenikweni pamafunika kunola mpaka kutipitirira, tikachuluka ndimamuuza mwiniwake mosabisa kuti ili ndi longosunga, pakhosi lisafike.

Lomwe lapulumuka timaliika chogwirira china cha mtengo wolimba kapena nyanga, nkumata tepi kumsana kuti usadyeke, kunola pa miyala yonolera kuyambira wokhakhala wa nambala 1000, 4000 mpaka wosalala wa 8000, kenako kulikhula pa chikopa mpaka lidule tsitsi la pa mkono osakanikiza.