Musanagule fani yamagetsi, onani kaye pomwe galimoto ikuwirira

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, pagalaja yanga pa Chitakale sipasowa galimoto yakale yobwera ikufuka nthunzi. Nthawi zina ndi Peugeot 404, nthawi zina Datsun 1200, koma kawirikawiri ndi ma Land Rover aja amene anagwira ntchito m'maesiteti a tiyi kenako n'kugulitsidwa kwa anthu wamba. Eni ake amafika atagamula kale mlandu. Bambo ena a ku Luchenza anabwera ndi Land Rover Series III yawo, fani yamagetsi yomwe anaigula ku Limbe ili m'manja.

"Amisiri, mungondimangira iyi basi. Ndatopa n'kuyenda ndi zigubu."

Ndinawafunsa kuti, "Bambo, imawira muli pati? Mutaima pamsika, kapena mukukwera mtunda?"

Anati pamsika imakhala bwinobwino. Imayamba misala akamakwera kuchokera ku Thyolo kulowera ku Bvumbwe atanyamula matumba a chimanga. Ndinawauza kuti fani yawoyo aisunge kaye, chifukwa matenda sali kumeneko.

Fani ili ndi ntchito imodzi: kukoka mpweya kudzera mu rediyeta pamene galimoto yaima kapena ikuyenda pang'onopang'ono. Mukathamanga makilomita 60 pa ola, mphepo yolowa yokha kutsogolo imakwana, fani imangothandizira pang'ono. Ndiye galimoto yowira pamzere wa mafuta kapena m'chipwirikiti cha minibasi, koma n'kuzizira ikangoyamba kuthamanga, imeneyo ikusowadi mpweya. Koma yowira pamsewu woyenda bwino, injini ikukoka katundu, vuto lili m'madzi: rediyeta yatsekeka, pampu yatha, paipi yapansi ikufwamphuka injini ikathamanga, kapena taimingi (nthawi imene mapulagi amathetheka) yachedwa. Mungamange mafani atatu, iwirabe.

Titamasula rediyeta ya bambowo n'kuchotsa thanki yapamwamba, tinapeza timachubu tambiri titatsekeka ndi dzimbiri ndi zoyera zonga laimu. Zimenezi ndi zaka zambiri zothira madzi a pamjigo ndi a mumtsinje. Ena amawonjezera tsoka pothira dzira kapena ufa kuti atseke podontha. Podonthapo pamatsekekadi, koma timachubu timatsekekera limodzi. Mutha kudziyezera nokha: injini itatentha, izimitseni, muyendetse dzanja mosamala pankhope ya rediyeta. Mukapeza malo ozizira pakati pa malo otentha, pamenepo madzi sakudutsa. Muyang'anenso kunja kwake, poti m'misewu yafumbi ya kuno timapepala tachitsulo tapakati pa machubu timamatika ndi matope, udzu ndi tizilombo. Tsukani kuchokera mbali ya injini kupita kutsogolo, ndi madzi opanda mphamvu kwambiri.

Ubwino wa marediyeta akale ndi woti ndi amkuwa, amawotchereka. Mmisiri wodziwa amachotsa pakati pake n'kuikapo patsopano, matanki n'kukhala omwewo, ndipo ngati malo alipo mutha kuchoka pa mizere iwiri ya machubu kufika itatu. Ine ndimakonda njira imeneyi kuposa kugula ya aluminiyamu. Ya aluminiyamu ndi yopepuka ndipo yabwino imaziziritsa ndithu, koma ikang'aluka muli ku Thekerani palibe wokuwotchererani, komanso siifuna madzi okhaokha. Ikakumana ndi injini yachitsulo popanda mankhwala oteteza dzimbiri, imadyeka mkati mwakachetechete. Kuno madzi saundana, ndiye anthu amati mankhwala obiriwira aja ndi a kwa azungu. Ayi ndithu, ife timawafunira dzimbiri.

Pali chizolowezi china chimene chimandipweteka mtima: kuchotsa thermostat. Amati dziko lathu ndi lotentha, kachipangizoka n'kopanda ntchito. Ntchito yake ndi kusunga madzi mu injini mpaka atafika pa madigiri oyenera, ndipo pa Land Rover zimenezi timakhala ta madigiri 74 kapena 82. Mukakachotsa, m'masiku a chiperoni injini imayenda yozizira tsiku lonse, imamwa mafuta ambiri ndipo masilinda amaperepeseka msanga. Pa injini zina, kachipangizoka kakatseguka kamatsekanso njira yachidule imene madzi amazungulira osapita ku rediyeta. Popanda iko, madzi ena otentha amangobwerera mu injini. Ngati kafa, gulani kena. Kukayeza n'kosavuta: kaikeni mupoto wa madzi pamoto muone ngati kakutseguka madzi asanawire.

Chivundikiro cha rediyeta nachonso si chotsekera botolo ayi. Kunyanja ya mchere madzi amawira pa madigiri 100, koma pa Bvumbwe, pamtunda wopitirira mamita 1,000, amawira pa 96 kapena 97. Chivundikiro chimapanikiza madzi kuti achedwe kuwira, ndipo psi iliyonse (muyeso wa kupanikizako) imawonjezera digiri imodzi ndi theka kapena kuposera pang'ono. Labala wake akauma, phindu lonselo lapita. Koma musatenge cha psi 15 cha galimoto zamakono n'kuika pa Morris Minor imene inapangidwira psi 4. Mudzaphulitsa mowotcherera ndi mapaipi.

Tsopano ngati galimoto yanu ndi ija yowira itaima, yambani ndi zotchipa. Lamba wa fani akhale wokungika. Chikombole chozungulira fani chija, chimene amakaniko ambiri amachichotsa n'kuiwala kubwezera, chibwerere, chifukwa popanda icho fani imangopalasa mpweya wa m'mbali. Fani yachitsulo muiyang'ane ming'alu pafupi ndi mabawuti. Phiko likathothoka limaboola rediyeta ngakhale boneti. A Peugeot 404 ndi 504 adziwe kuti fani yawo ili ndi klachi yamagetsi imene imagwira pokhapokha madzi akatentha, ndipo nthawi zambiri chafa ndi siwichi kapena kabulashi ka khala kopereka moto, osati fani.

Zonsezi zikalephera, fani yamagetsi ndi yabwino, bola imangidwe mwanzeru. Yokoka, yokhala kumbuyo kwa rediyeta, imaposa yokankha yakutsogolo, poti yakutsogolo imatchinganso mphepo. Ipangireni mabulaketi achitsulo. Timapulasitiki tobooleza pakati pa rediyeta tija, m'mabampu a misewu ya m'minda ya tiyi, timacheka machubu pang'onopang'ono. Moto udutse pa fyuzi ndi relay (siwichi yonyamula moto wambiri) ndi waya wonenepa, chifukwa fani zambiri zimakoka ma amp 10 kapena kuposa. Apa ndi pomwe eni galimoto za dayinamo amalira: dayinamo ya Lucas C40 imapereka ma amp 22 okha, ndipo injini ikamangolira itaima sipereka n'komwe, pomwe ndi nthawi imene fani ikufunika. Kuwonjezera nyali usiku, batire yatha. Sinthani kaye muike alternator, chopangira moto chamakono, m'malo mwa dayinamo. Galimoto zina za ku Britain za m'ma 1960 zili ndi waya wa positive wa batire ku bodi, choncho mukalumikiza mwachizolowezi fani imazungulira chobwerera, n'kumalimbana ndi mphepo. Ikani kapepala kutsogolo kwa rediyeta: kakamatirira, zili bwino.

Iziyaka yokha ndi siwichi yomva kutentha, yoyatsa pamwamba pang'ono pa thermostat, mwachitsanzo pa 90 ngati thermostat ndi ya 82. Siwichi yapamanja yokha sindiikhulupirira, munthu amaiwala akamacheza. Koma ndimaikapo ina yozimitsira, kuti nthawi ya dzinja mukamawoloka pamadzi kumidzi ya m'mphepete mwa Thuchila fani isamwaze madzi pa mapulagi kapena kupindikira mu rediyeta.

Land Rover ya bambo aja tinaiikira pakati patsopano pa rediyeta, thermostat ya 82 ndi chivundikiro chatsopano. Tinaikweza matumba khumi n'kupita nayo mpaka pa Bvumbwe masana, geji ili pakati. Fani ija anakamanga m'khola la nkhuku.