Khansa ya m'magazi ikabweranso, musathamangire kunena kuti ndi yomwe ija

Ndatopa nawo mawu awa: "Adokotala, ndi matenda awo aja, tikuwadziwa." Simukuwadziwa. Ngakhale ife sitiwadziwa mpaka titatenga kachidutswa ka mwanabere kapena mafuta a m'mafupa n'kukaunika.

Pali bambo wina amene sandichoka m'mutu. Anali ndi CLL, khansa ya m'magazi yoyenda pang'onopang'ono, ndipo anakhala nayo zaka zingapo akulima bwinobwino. Kenako mwanabere wa m'khosi anakula ngati dzira m'masabata ochepa, thukuta usiku wonse, thupi kutha. Akubanja anati ndi zomwe zija, n'kupita nawo kokatemera mphini. Anafika kwa ife patatha miyezi itatu, ali ochita kunyamulidwa. Inali lymphoma (khansa ya anabere) yaukali, ya mtundu umene dokotala wina, Maurice Richter, analongosola ku New York mu 1928. Mwa odwala otere, pafupifupi 8 pa 10 alionse lymphomayo imaphuka pa mbewu ya maselo omwe aja anayambitsa CLL, ndipo imeneyo ndiyo yovuta. Kwa otsalawo imakhala khansa ina yapayokha, yomvako mankhwala. Zotsatira za bamboyo zinatuluka maliro atachitika kale.

Ena amati kemo, mankhwala amphamvu opha khansa, ndiye amabweretsa khansa yachiwiri. Sindibisa, kwa odwala ochepa zimachitikadi: khansa ina ya m'magazi (leukemia) imatha kutulukira patatha zaka 5 mpaka 7 kwa amene analandira kemo wotchedwa cyclophosphamide, kapena chaka chimodzi mpaka zitatu kwa amene analandira wina wotchedwa etoposide. Koma mu 2015 ofufuza a ku Washington University ku St Louis anapeza kuti mwa odwala ena, maselo olakwika pa TP53, kachigawo ka malangizo a m'selo (DNA) koteteza ku khansa, analipo kale m'thupi kemo asanayambe. Anali ochepa kwambiri. Mankhwala anapha maselo ena ambiri, olakwikawo n'kutsala ndi munda wonse, ngati kaufiti amene khasu lamuphonya.

Tsono musamve izi n'kukana kemo. Ambiri amene amakana amafa ndi khansa yoyambayo, yachiwiri isanawapeze n'komwe. Ndipo wogulitsa mabotolo "otsuka magazi" pamsika sanaonepo selo ndi limodzi lomwe.

Ngati munachirapo khansa ya m'magazi ndipo mwayamba kutuluka magazi m'nkhama, kuwezuka, kutentha thupi kosatha, kapena mwanabere wakula mwadzidzidzi, bwerani sabata yomweyo. Tengani buku lanu lakale la kuchipatala, ngakhale litang'ambika. Ndikufuna ndione mankhwala amene munalandira ndi chaka chake.