Za lamulo la klorini mzimbudzi ndi ndalama munasonkha zija, ofesi ikuyankha

Sabata yonseyi anthu akhala akudzaza pa ofesi yathu kuno ku Kasungu, ena atalusa ndithu, nkhani yake fungo ndi thovu la kumathanki a suweji komanso chikalata tinamata chija choletsa kuthira klorini mzimbudzi. Mafunso ake ndi omweomwewo ndiye tayankhira pamodzi.

Lamuloli likuti chani?

Osakhuthulira mankhwala a klorini monga HTH kapena Jik mchimbudzi chamadzi, komanso mafuta otsala pachiwaya asapite mu sinki. Basi.

Ndiye madzi akumwa tisiyenso kuthira mankhwala?

Ayi chonde, WaterGuard pitirizani, kolera ya 2022 ndi 2023 tonse tikuikumbuka.

Klorini si amapha majeremusi, mukuletsa bwanji?

Amapha, koma sasankha. Mathanki athuwa amagwira ntchito chifukwa cha mabakiteriya amene amadya nyansi kenako amaundana nkukhala pansi ngati matope, madzi oyera nkutsala pamwamba. Pali ena ataliatali ngati ulusi, akakhala ochepa amathandiza kumanga matopewo koma akachuluka matope amangofufuma osakhazikika, nkumasefukira limodzi ndi madzi. Awa ndi ovuta, Sphaerotilus natans amakhala mkati mwa kachikopa komuteteza, Microthrix parvicella amakonda mafuta ndi nyengo yozizira ndipo ndi amene amakonda kubweretsa thovu lolimba labulauni, palinso wina amangomutchula Type 021N amene mitundu yake ina imapirira klorini. Klorini wa kunyumba wambiri amathera munyansi ali mpaipi, koma nyumba zambiri zikathira nthawi imodzi wotsalayo amayamba kupha mabakiteriya abwino ofooka amene amachotsa amoniya (mankhwala oipa ochokera mumkodzo ndi nyansi), olimbawo alipobe.

Tinasonkha ndalama ya klorini wothira mmathanki mu Juni koma thovu lilipobe, mutibwezera?

Apa tiyankhe mofatsa. Ndalamayo inagulidwadi klorini, malisiti ali pa ofesi aliyense atha kudzaona, ndipo sanathiridwe mwachisawawa ngati mmene ena akukambira kumsika, anathiridwa pa paipi yobwezera matope mthanki pang'onopang'ono, imene ili njira yodziwika pa ntchitoyi chifukwa ulusi wotulukira kunja kwa matope oundanawo ndi umene umayamba kugundidwa ndi klorini. Chimene tikuvomera nchakuti tinayamba kuthira tisanatumize matope kukawaona pa maikulosikopu, tinathamanga chifukwa cha madandaulo, ndipo masabata omwewo magetsi ankazimazima, makina opopera mpweya nkumaima, zimene mabakiteriya aulusi ena amakondwa nazo. Ndiye kunena kuti ndalama inapita pachabe ife sitikuvomereza, komanso sitinganene kuti inagwira ntchito mmene tinalonjezera. Kubweza yonse sikutheka poti katundu anagulidwa nkugwiritsidwa ntchito. Amene munalipira kawiri, mwina alandilodi anakudulani kale pa lendi inu nkudzaperekanso nokha, bwerani ndi lisiti komiti iona mmodzimmodzi, koma tisanamizane kuti aliyense wobwera atenga ndalama tsiku lomwelo. Amene mulibe lisiti mubwere ndi a pabuloko anu amene ankatolera.

Bwanji osangowonjezera klorini wambiri zithe?

Tikatero madzi otuluka amachita mbuu ngati a mpunga, ndiye kuti taphanso abwino omwe, ndipo madziwo akupita kudambo kumene amayi amalima masamba. Sitichita zimenezo.

Nanga ofesi ikuchitapo chani?

Anyamata akuchotsa thovu mmawa uliwonse osalibwezeranso mthanki, tikuchotsa matope akale pafupipafupi, ndipo jenereta tsopano ikumayamba yapatsa moto makina a mpweya magetsi akangozima.

A chipisi okha ndi amene mukuwaloza chala?

Ayi, ndipo pepani ngati chikalata chija chinamveka choncho. Mafuta akuchokera mmakhitchini monse, ndi mnyumba za ife a muofesi momwe. Muziwasunga mchigubu, lachisanu lililonse wilibala izidutsa kudzatenga.