Fort Lister si mbiri ya azungu okha ayi

Anthu ambiri kuno ku Mulanje ukatchula Fort Lister amangoti aaa nza azungu zimenezo, mabwinja basi. Sichoncho abale, ine zimandiwawa. Pampata uja wa pakati pa phiri la Mulanje ndi Michesi, pano ndi mbali ya Phalombe, mpomwe ankadutsitsa akapolo, makolo athu enieni, magoli ali m'khosi ulendo wa kunyanja ku Quelimane. Angerezi anamangapo linga la Fort Lister mu 1893 kuti atseke njirayo, zimenezo nzoona. Koma tisanamizane, mfuti zomwe zinathamangitsa ogula anthu nzomwezonso zinakhazikitsa ulamuliro wa atsamunda kuno, agogo athu nkuyamba kukhoma msonkho wa nyumba ndi kugwira thangata m'maesiteti.