Mwana si munthu wamkulu wochepa thupi

Ambiri timaganiza kuti dokotala akalandira digiri yoyamba ndiye kuti wathana nazo, ndipo kumulipirira maphunziro a matenda a ana n'kutaya ndalama. Si zoona. Mankhwala a mwana amaperekedwa potengera makilogalamu ake, ndipo kulakwitsa muyezo kungamuphe. Khanda lobadwa masiku asanakwane, mtsempha wake umaonda ngati ulusi. Kuupeza kuti uike dripi kumafuna dzanja lozolowera.

Ukadaulo umenewu umatenga zaka zina 4 ku Kamuzu University of Health Sciences, munthu akuphunzira uku akugwira ntchito m'mawodi a ana ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Choncho phindu la ndalamazo silidikira kuti amalize ayi: wophunzira yemweyo ndi amene amathamanga pakati pa usiku mwana akabanika ndi chibayo. Zimandiwawa kuti thandizoli likasowa, ena amakaphunzirira kunja, ndipo si onse amabwerera.