Hotela ikamakonzedwa kapena kukulitsidwa: mafunso ndi mayankho

Kodi mahotela akuluakulu a mu Lilongwe anabwera bwanji?

Anabwera ndi likulu. Boma litasamuka ku Zomba mu 1975, alendo ake anafunika pogona pafupi ndi Capital Hill, ndipo Capital Hotel inamangidwa ku City Centre m'zaka za m'ma 1970 zomwezo, pakati pa mitengo ya mthunzi. Lero hotelayi, pamodzi ndi Lilongwe Hotel ya ku Old Town, ili m'manja mwa Sunbird, kampani yomwe inalowa pa msika wa masheya mu 2002 ndipo masheya ake ambiri ndi a boma. Ya ku Umodzi Park ndi ya dzulodzulo. Inamangidwa ndi ngongole ya ku China pokonzekera msonkhano wa African Union wa 2012, womwe unakachitikira ku Addis Ababa boma la Joyce Banda litakana kulandira Omar al-Bashir, mtsogoleri wa dziko la Sudan pa nthawiyo.

Mwini hotela akafuna kuwonjezera zipinda, angangoitana amisiri?

Ayi. Mapulani amayamba apita ku khonsolo ya mzinda kuti akavomerezedwe, motsatira lamulo la Physical Planning la 2016. Ntchito ikakhala yaikulu, lamulo la zachilengedwe la 2017 limafunanso kafukufuku wa momwe idzakhudzire malo ndi anthu, ndipo bungwe la boma loteteza zachilengedwe la MEPA ndilo limapereka chilolezo. Pa kafukufukuyu anthu oyandikana nawo amayenera kufunsidwa. Mukamva za msonkhano wotere, chonde pitani. Kafunseni kuti madzi a kukhitchini ndi kochapira azikathera kuti, poti ku City Centre mtsinje wa Lingadzi uli pafupi. Kafunsenso mitengo ingati idulidwe. Mtengo womwe wakula zaka 40 sungabwezedwe ndi mbande ya m'chubu.

Nanga ogwira ntchito, hotela ikatseka mbali ina kuti ikonzedwe?

Funso ili ndi lomwe limandikhudza kwambiri, chifukwa pa tsiku lodula riboni palibe amakumbukira mayi amene ankayala mabedi. Abwana akachepetsa antchito chifukwa cha kusintha kwa kayendetsedwe ka bizinesi, lamulo la zantchito limati wochotsedwayo alandire severance allowance (ndalama yopatsidwa pochotsedwa ntchito), bola akhale atagwira chaka chathunthu. Kawerengedwe kake nkotere: pa zaka zisanu zoyambirira, malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse, chaka cha 6 mpaka cha 10, masabata atatu, kuyambira chaka cha 11, masabata anayi.

Titenge weita amene wanyamula thireyi zaka 12. Zaka zisanu zoyamba zimupatsa masabata 10, zisanu zotsatira 15, ziwiri zomaliza 8. Onse pamodzi ndi malipiro a masabata 33. Ndalama imeneyi ndi yapayokha. Siilowa m'malo mwa penshoni, notisi kapena masiku a tchuthi omwe sanapume.

Akandipatsa zochepa, ndikadandaule kuti?

Yambani ndi ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku khothi la Industrial Relations, lomwe lili ndi ofesi ku Lilongwe konkuno. Musachedwe, ndipo musasayine pepala lomwe simunaliwerenge, ngakhale akuuzeni kuti cheke chakonzeka kale. Kalata yolembedwera ntchito, kalata yochotsedwera ndi mapepala a malipiro a mwezi ndi mwezi muziike m'chikwama cha pulasitiki, kutali ndi chiswe, ndipo muzitenge popita ku ofesiko.