X-ray ikatuluka yoyera koma phuma silikutha: za mapapo pa matenda a scleroderma

Pali matenda ena omwe kuno ku Mangochi sitimawakamba nkomwe, madokotala amati systemic sclerosis kapena scleroderma. Chomwe chimachitika nchakuti chitetezo cha m'thupi chimasokonekera nkuyamba kulimbana ndi thupi lomwelo, kenako khungu limayamba kulimba ndi kunyezimira, makamaka pa zala ndi kumaso, mpaka munthu kulephera kukunga chibakera kapena kuyasamula bwinobwino. Ambiri amayambira ku zala, zimayera mbuu kapena kuda akagwira madzi ozizira, mwachitsanzo mayi akuchapa kunyanja m'mamawa mu June kapena July mwera ukuwomba, kenako magazi akabwerera zimafiira nkumawawa. Amagwira amayi kwambiri kuposa abambo ndipo sapatsirana ayi.

Ine ntchito yanga ndi yojambula odwala, ndiye chomwe chimandidetsa nkhawa si khungulo kwenikweni koma mapapo. Kulimba komwe mukukuona pa zalako kumatha kuchitikanso mkati, mapapo nkupanga zipsera, osatambasuka bwino munthu akamakoka mpweya, ndipo masiku ano mavuto a m'mapapo ndi amene amapha anthu ambiri odwala matendawa. Zimakonda kuyamba m'zaka zisanu zoyambirira, mwakachetechete, munthu amangoona kuti akamachokera kudambo atasenza ndowa akupuma kawiri katatu panjira pomwe kale sankatero, ndi kachifuwa kouma kosatulutsa makhololo.

Apa mpomwe timasochera. Kwathu kuno chifuwa chikatenga nthawi aliyense amaganiza TB, ndipo nzoona kuti TB iyenera kuyezedwa kaye chifukwa ndi yochuluka. Koma makhololo akayezedwa pa makina oyezera TB otchedwa GeneXpert osapezeka kanthu, X-ray nayo nkuoneka yoyera, munthu amauzidwa kuti muli bwino mayi pitani, kapena X-ray ikaonetsa timizere amayambitsidwa mankhwala a TB miyezi 6 osasintha kanthu. Chonsecho TB ya akuluakulu imakonda kumtunda kwa mapapo pomwe scleroderma imayambira kumunsi, chakumsana, m'mphepete moyandikana ndi nthiti.

X-ray wamba ndi chithunzi chimodzi chomwe nthiti, mtima, mabere ndi mapapo zonse zaunjikana pamodzi, ndiye zipsera zikadali zazing'ono kumunsi kuja zimabisala. Chomwe chimaona bwino ndi CT sikani, makamaka mtundu wotchedwa HRCT. Makinawa amajambula chifuwa mapisimapisi ngati mmene timadulira buledi, chidutswa chilichonse chopyapyala pafupifupi milimita imodzi, ndiye dokotala amayang'ana chimodzichimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Sizipweteka, nthawi zambiri sipafunika jekeseni ya mankhwala oonetsa mitsempha, mumangogona pa bedi nkulowa pang'ono mu makina, tikati kokani mpweya gwirani, mumagwira kwa masekondi ochepa basi. Nthawi zina timakuuzani kuti mugone chafufumimba, musadabwe, munthu akagona chagada kumsana kwa mapapo kumapanikizika nkuoneka ngati kukudwala, ndiye tikamutembenuza malo aja akaoneka abwinobwino timadziwa kuti kunali kugona chabe, akakhalabe pomwepo ndiye kuti ndi matenda.

Pa lipoti mudzaona mawu achizungu. Akalemba ground glass ndiye kuti pali malo otuwa pomwe panayenera kuoneka pakuda chifukwa cha mpweya, kumeneku kutha kukhala kutupa kapena zipsera zomwe zikungoyamba. Akalemba traction bronchiectasis ndiye kuti zipsera zakoka timapaipi ta mpweya mpaka tatanuka, ndipo honeycombing ndi timabowo tothithikana tosonyeza kuti malowo aonongeka kale, sangabwererenso. CT yomweyo imaonetsanso kummero kutakula, nchifukwa chake ambiri amadandaula chilungulira ndi chakudya kukakamira pachifuwa, ndipo asidi wa m'mimba wobwerera usiku akamalowa m'mapapo amatha kuonjezera vuto.

Chithunzi pachokha sichinena zonse. Pamafunikanso kuuzira m'kachipangizo koyeza kuchuluka kwa mpweya womwe mapapo akutenga, ndipo ichi ndi chomwe timabwereza pafupipafupi osati CT, poti CT ili ndi cheza chochuluka kuposa X-ray wamba (ngati muli oyembekezera kapena mukukayikira, nenani tisanayambe chonde). Palinso sikani ya mtima chifukwa matendawa amatha kukweza BP ya m'mitsempha ya m'mapapo ngakhale zipsera palibe, ndipo imeneyo makina a BP a pamkono aja saiona.

Abambo musati izi nza amayi okha. Mu 1957 dokotala wina dzina lake Erasmus analemba za kuchuluka kwa scleroderma pakati pa anthu okumba golide ku migodi ya ku South Africa, chifukwa cha fumbi la miyala. Agogo athu ambiri anapita ku Wenela, ena mpaka pano amaphwanya miyala popanda chotchinga pamphuno, ndiye mukapita kuchipatala nenani ntchito yomwe munagwirapo, imatithandiza powerenga chithunzicho.

Ndikudziwa kuti CT imafuna ulendo wa ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo munthu wochokera ku Makanjira kapena Namwera thiransipoti yokha ndi nkhani. Komabe amene wapezeka ndi scleroderma ayenera kujambulidwa HRCT poyambirira pomwe ngakhale asakumva phuma, chifukwa mankhwala monga mycophenolate, cyclophosphamide ndi nintedanib, yomwe inavomerezedwa pa matendawa ku America mu 2019, ntchito yake yaikulu ndi kuchedwetsa kuonongeka, zipsera zakale sachotsa. Mukapita kukaonana ndi adokotala aonetseni zala zanu osangonena za chifuwa chokha, apempheni amvetsere kumunsi kwa msana, ndipo tengani buku lanu la kuchipatala ndi X-ray zonse zakale kuti tifananize ndi zatsopano.